Kufulula mowa ndi vinyo wa zipatso pakhomo: chimachitika n'chiyani m'chigubumo?

Boma la South Africa litaletsa kugulitsa mowa kumapeto kwa March 2020 chifukwa cha Covid-19, zinanazi zinakwera mtengo m'misika ya ku Johannesburg ndi m'mizinda ina. Anthu ankaziduladula, n'kuthira shuga ndi yisiti m'ndowa, n'kudikira. Abale athu amene ali ku Joni anaziona zimenezi ndi maso awo, ndipo malangizo a nthawi imeneyo akuzungulirabe pa WhatsApp mpaka lero. Nyengo ya mango ikakwana, zipatso zikuwolera pansi pa mitengo ku Salima ndi ku Nkhotakota, funso limabweranso: kodi sitingapange vinyo?

Tingapange ndithu. Vuto ndi lakuti malangizo akuyendawo ndi osakanikirana. Wina akuti ukachulutsa shuga mowa umakhala waukali. Wina akuti vinyo wapakhomo amachititsa khungu. Winanso akuti tseka chigubu zolimba kuti mphamvu isathawe, ndipo langizo limeneli likhoza kukuvulazani kumaso. Zakuti munthu azimwa kapena asamwe ndi nkhani ya iye mwini, banja lake ndi chikhulupiriro chake. Pano tikufotokoza zomwe zimachitika m'chigubu, ndipo zikukhudzanso amene salawa n'komwe mowa koma amasunga thobwa m'nyumba.

Wofulula weniweni ndi yisiti

Yisiti ndi kanthu kamoyo ka m'gulu la bowa, kosaoneka ndi maso kakakhala kamodzi. Ndi yomwe ija imafufumitsa ufa wa mandazi. Ikapeza shuga imadya, n'kutulutsa zinthu ziwiri: ethanol, amene ndiye amaledzeretsa mu mowa wa mtundu uliwonse, ndi mpweya wa carbon dioxide. Pa kulemera kwa shuga wodyedwayo, pafupifupi theka limasanduka ethanol, theka linalo mpweya. Thovu lomwe timaona mowa ukamawira popanda moto ndi mpweya umenewu ukutuluka.

Anthu anafulula mowa zaka zikwizikwi asakudziwa kuti mumphika muli kamoyo. Lamulo lotchuka la mowa la ku Bavaria, m'dziko la Germany, la 1516 linatchula madzi, balere ndi hops (maluwa owawa othira mu mowa) basi, yisiti osaitchula. Louis Pasteur wa ku France ndiye anasonyeza, cha m'ma 1857 mpaka 1860, kuti kuwira kumeneku kumachitika ndi tizamoyo. Mu 1883 Emil Christian Hansen, akugwira ntchito ku kampani ya Carlsberg ku Copenhagen, anapatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuweta paokha kuti mowa uzikoma chimodzimodzi nthawi zonse. Ndi kampani yomweyo imene mu 1968 inatsegula ku Blantyre fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark.

Ndiye wofulula ali ngati woweta. Chiweto chake chimafuna chakudya chokwana, khola laukhondo, malo osatentha kwambiri, komanso kutetezedwa kwa adani. Pafupifupi vuto lililonse la woyamba kumene limachokera pa chimodzi mwa zinayi zimenezi.

Tiyambe ndi chakudya. Magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita imodzi amapereka 1 peresenti ya ethanol. Choncho vinyo wa 12 peresenti amafuna magalamu pafupifupi 200 pa lita, kuwerengera pamodzi ndi shuga amene ali kale m'chipatsocho. Kupitirira apo sikuthandiza. Ethanol akachuluka amafooketsa yisiti yomwe yamupangayo mpaka kuleka ntchito. Yisiti ya buledi nthawi zambiri imatopa isanapitirire kwenikweni 10 peresenti, ya vinyo imafika 14 kapena 15, mitundu ingapo mpaka 18. Shuga wotsala amangokhala momwemo, vinyo n'kukhala wotsekemera mopyola muyezo. Komanso madzi akakhala a shuga wambiri kuyambira pachiyambi amaiyamwa yisiti madzi a m'thupi, moti kuwira kumakanika ngakhale kuyamba kumene.

Chifukwa chake zipatso n'zosavuta kuposa chimanga

Chipatso chakupsa chili ndi shuga wokonzeka kale. Chimanga, mawere, mapira ndi balere zilibe. Zili ndi sitachi, choyera chija cha mu ufa, chomwe ndi shuga wolumikizana m'mizere italiitali imene yisiti siingathe kudya. Pamafunika china choduladula mizereyo, ndipo chimenechi chimapezeka m'chimera.

Mbewu ikanyikidwa m'madzi n'kuvundikiridwa, imadzuka kuti imere. Pomera imapanga maenzayimu, tinthu togwira ntchito yodula sitachi kuti mmera upeze chakudya. Tikaiyanika padzuwa itangotulutsa timizu, kumera kumaima koma maenzayimu aja amakhalabe m'katimo. Ndicho chimera.

Aliyense amene anaonererapo agogo akuphika thobwa amakumbukira zomwe zimachitika pamenepa. Phala laphikidwa, ndi lolimba, mthiko ukuyenda movutikira. Amaliphula, n'kulisiya kuti lipole pang'ono. Kenako amawaza chimera n'kutakasa, ndipo posapita nthawi phala lija limasungunuka n'kukhala lamadzimadzi popanda wothiramo madzi. Mukalawa, layamba kutsekemera. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake chenicheni. Sitachi wa chimanga ndi mapira amafewa pa kutentha kopitirira madigiri 70, pomwe maenzayimu amagwira bwino pakati pa madigiri 63 ndi 68, ndipo akafika cha m'ma 78 amafa. N'chifukwa chake phala liyenera kupsa kaye, lipole, chimera chibwere pambuyo. Wothira chimera m'phala lobwadamuka wapha antchito ake asanayambe ntchito.

Thobwa limenelo mukalisiya masiku angapo, mabakiteriya ena amayamba kulisasitsa, kenako yisiti ya m'chimera ndi ya m'mbali mwa mtsuko imayamba kudya shuga. Malire a thobwa ndi mowa ali pomwepo. Likayamba kutulutsa thovu lokha ndi kuluma pa lilime, ethanol wayamba kupangika, ngakhale palibe anathiramo kanthu. Amene sakufuna zimenezo aliwiritsenso, alisunge pozizira, ndipo alimwe msanga. Masese amamwedwa akuwirabe, ali ndi 3 kapena 4 peresenti, ndipo n'chifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi potulukira mpweya pamwamba.

Mowa woyera wa m'mabotolo umatsata njira yomweyi, kusiyana kwake ndi kwakuti chimera chake ndi cha balere, amene sitachi wake amafewa pa kutentha komwe maenzayimu amapirira, ndiye safuna kuphikiratu phala. Makilogalamu 4 kapena 5 a chimera cha balere amakwana malita 20. Amachiviika m'madzi a madigiri 65 kwa ola limodzi, n'kusefa, n'kuwiritsa madzi otsekemerawo ola linanso pamodzi ndi hops, maluwa owawa amene amapereka fungo ndi kuchedwetsa kusasa. Balere ndi hops n'zosowa m'misika yathu. Amene ali ku South Africa kapena ku Britain amazipeza m'masitolo a ofulula pakhomo. Kwa woyamba kumene kuno kumudzi, zipatso ndiye poyambira pabwino.

Ukhondo, mpweya ndi kutentha

Madzi a shuga sakoma kwa yisiti yokha. Mabakiteriya ndi nkhungu nazo zimawafuna, ndipo chimene chayamba kuchulukana ndicho chimalamulira chigubu chonse. Chilichonse chokhudza vinyo, kaya ndowa, chigubu, nsalu yosefera, supuni kapena manja anu, chitsukidwe ndi sopo, kenako chiphedwe tizilombo. Madzi owira amakwana pa zinthu zopirira kutentha. Jik wopanda fungo lowonjezera amagwiranso ntchito mukamusungunula m'madzi ambiri, koma mutsukuluze bwinobwino ndi madzi owiritsa, chifukwa kolorini wotsalira amapatsa vinyo fungo la mankhwala lomwe silichokanso. Madzi a pampopi kapena othira WaterGuard muwawiritse kaye n'kuwapoza pa chifukwa chomwecho.

Chotengera chikhale cha galasi, chitsulo chosachita dzimbiri, kapena pulasitiki yomwe munali chakudya. Chigubu cha mafuta ophikira chotsukidwa mpaka mafuta onse atatha n'chabwino. Chomwe munali petulo, palafini kapena mankhwala a mbewu ayi, ngakhale mutachitsuka kangati, chifukwa pulasitiki imamwa mankhwalawo ndipo ethanol amawatulutsanso. Ndowa zamalata ndi migolo yachitsulo nazo n'zosayenera, popeza asidi wa zipatso amadya chitsulocho n'kuchilowetsa m'chakumwa.

Nkhani ya mpweya ndi imene imasokoneza ambiri, chifukwa ili pawiri. Tsiku loyamba yisiti imafuna mpweya wakunja kuti iswane, ndiye kutakasa mwamphamvu n'kwabwino. Ethanol akangopangika, mpweya wakunja umakhala mdani. Pali mabakiteriya otchedwa Acetobacter, amene amayenda pa miyendo ya tintchentche tating'ono tija timazungulira nthochi zakupsa. Akapeza ethanol ndi mpweya wakunja pamodzi amapanga viniga, ndipo vinyo akasanduka viniga sabwereranso. Komabe mpweya wa m'kati uyenera kutuluka, apo ayi chigubu chimafufuma mpaka kuphulika.

Njira yake ndi yotchipa. Boolani chitsekero cha chigubu, lowetsani kapayipi kapulasitiki, matani m'mbali ndi sera kapena guluu kuti pasatuluke mpweya, ndipo mbali inayo muiviike m'botolo la madzi. Mpweya wa m'chigubu umatuluka n'kumapanga mathovu m'madzimo, wakunja sungabwerere, ntchentche nazo zilibe polowera. Ena amaveka baluni loboola ndi singano pakamwa pa chigubu. Limagwira ntchito, koma kapayipi n'kodalirika kuposa.

Pa kutentha, yisiti ya vinyo ndi ya mowa wamba imakonda madigiri 18 mpaka 25. Musaithire m'madzi amene sanapole kufika pansi pa 30. Mu October ku Nsanje kapena ku Chikwawa, chipinda cha malata chimapitirira 35 mosavuta, ndipo kuwirako nako kumawonjezera madigiri angapo. Yisiti yopsa ndi kutentha imathamanga n'kupanga vinyo wobaya kukhosi, wonunkha ngati mankhwala ofufutira penti ya zikhadabo. Ikani chigubu m'beseni la madzi pamalo a mthunzi, muchikulunge ndi nsalu yonyowa yomwe m'munsi mwake mukukhudza madziwo. Pali yisiti ya alimi a ku Norway yotchedwa kveik imene imawira bwino pa madigiri 30 mpaka 40, ndipo amene angaipeze ku madera otentha imamuthandiza kwambiri. Mu June ndi July ku Dedza kapena ku Mzimba vuto limatembenuka: kuwira kumachedwa kapena kuima, ndipo bulangete lokulunga chigubu limakwana.

Malita 5 a vinyo wa mango

Sankhani mango akupsa bwino koma osawola. Lomwe lili ndi banga lofewa lonunkha litayeni lonse. Senderani, chotsani nthangala, mpaka mutapeza makilogalamu 2 a mnofu wokhawokha, n'kuufinya ndi manja oyera m'ndowa. Mnofu umenewu uli ndi shuga pafupifupi magalamu 280. Sungunulani magalamu 800 a shuga m'madzi owira, thirani pa mango aja, ndipo onjezerani madzi owiritsa mpaka zonse zikwane malita 5. Ngati yisiti yanu ndi ya buledi, shuga akhale magalamu 600.

Finyiranimo mandimu awiri. Mango alibe asidi wokwanira, ndipo popanda asidi vinyo amakhala wozizira m'kamwa komanso mabakiteriya amamulowa mosavuta. Thiraninso kapu imodzi ya tiyi wakuda wopanda mkaka, amene amapereka kakhambi kaja kamene mphesa zimakhala nako pa khungu lake. Amene ali ndi mapiritsi a Campden, mankhwala a sulphite ophera tizilombo m'madzi a zipatso, aphwanye limodzi n'kudikira maola 24 asanathire yisiti. Zikapola, wazani magalamu 5 a yisiti, takasani, mangani nsalu yoyera pakamwa pa ndowa.

Pakutha kwa tsiku limodzi kapena awiri mudzamva kaphokoso ka thovu, ndipo mnofu udzakwera pamwamba n'kupanga chikhungu chokhuthala. Muzichikankhira pansi m'mawa ndi madzulo ndi supuni yotsukidwa, chifukwa chikauma pamwambapo nkhungu imamerapo. Pakatha masiku 5 mpaka 7 sefani ndi nsalu, thirani m'chigubu mpaka kufika m'khosi, ikani kapayipi kaja. Chigubu chodzaza theka chimasunga mpweya wambiri pamwamba, ndiye ngati vinyo wachepa pezani chigubu chaching'ono.

Kuchokera apa ntchito yaikulu ndi kusiya manja. Pakati pa masabata 3 ndi 6 mathovu amachepa mpaka kuleka, nsenga n'kukhazikika pansi. Tsanulirani vinyo m'chigubu china choyera pogwiritsa ntchito kapayipi, chigubu chodzaza chili patebulo, chopanda kanthu chili pansi, osavundula nsengazo. Msiyeni miyezi 2 kapena 3. Vinyo wa mwezi umodzi amanunkha yisiti ndipo ndi waukali m'kamwa. Ambiri amamutaya pamenepa poganiza kuti walephereka, pamene amangofunika nthawi.

Mango, magwafa ndi mapichesi zili ndi pectin wambiri, chinthu chija chimalimbitsa jamu, ndipo chimachititsa vinyo kukhala wachimbuuzi. Sizivulaza munthu. Kuphika zipatsozo kumawonjezera vutoli, choncho musaziwiritse pamoto. Zinanazi za ku Mulanje, jambula, masau ndi chidede zimatsata njira yomweyi. Malambe ndi bwemba zili kale ndi asidi wambiri, ndiye sizifuna mandimu ndipo zimafuna madzi ochuluka. Nthangala za mapichesi musaziphwanye, m'kati mwake muli poizoni.

Mudziwa bwanji kuti watha kuwira?

Kuleka kwa mathovu sikutsimikizira kuti shuga watha. Mwina kwangozizira, kapena chitsekero chikutaya mpweya pambali. Chida chomwe chimanena zoona ndi hydrometer, kagalasi koyandama koyeza kulemera kwa madzi. M'madzi wamba kamawerenga 1.000. Madzi a shuga ndi olemera, ndiye vinyo asanawire kamawerenga cha m'ma 1.090, mowa cha m'ma 1.045. Shuga akamatha nambalayo imatsika, ya vinyo kufika pa 0.995 kapena pafupi, ya mowa cha m'ma 1.010. Ikakhala yosasintha masiku atatu otsatizana, kuwira kwatha. Mukachotsa nambala yomaliza pa yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131 mumapeza mphamvu yake: 1.090 kuchotsa 0.995 ndi 0.095, zomwe zikupereka pafupifupi 12 peresenti.

Izi n'zofunika chifukwa cha mabotolo. Vinyo wothiridwa m'botolo lagalasi akadali ndi shuga amapitiriza kuwira m'katimo, ndipo botolo limaphulika n'kumwaza magalasi. Amene alibe hydrometer adikire nthawi yaitali, ndipo agwiritse ntchito mabotolo apulasitiki a zakumwa za gasi, omwe mukawafinya mumamva ngati alimba. Ofulula mowa amathira dala shuga pang'ono potseka kuti mowa ukhale ndi gasi, koma ndi magalamu 3 okha pa botolo la theka la lita, osakwana tiyisupuni imodzi, ndipo amatero kuwira kukatheratu.

Ngozi yeniyeni ili pati?

Za khungu zija n'zoona, koma gwero lake ndi methanol, mbale wake wa ethanol amene thupi limamusandutsa asidi wowononga mitsempha ya maso. Mamililita 10 a methanol weniweni akhoza kuchititsa khungu, 30 akhoza kupha. Zipatso zikamawira zimatulutsa methanol pang'ono kuchokera ku pectin, ndipo amapezekanso mu vinyo wa m'sitolo, koma pa mlingo wochepa kwambiri woti sungachititse khungu. Kutcheza kachasu n'kosiyana, chifukwa kumasonkhanitsa pamodzi zonse zouluka ndi nthunzi, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo mapaipi ndi migolo yake ikhoza kuwonjezera zitsulo zoopsa. Koma imfa zambiri za anthu ochuluka nthawi imodzi zimabwera pamene wina wathira spirit wa m'mafakitale kapena wa m'chipatala kuti mowa ukhale waukali motchipa. Mabatire ndi feteleza nazonso zisayandikire chakumwa. Yisiti ikafooka, m'malo moipatsa feteleza wiritsani supuni imodzi ya yisiti ya buledi m'madzi pang'ono, muipoze, muthiremo. Yakufayo imakhala chakudya cha yamoyo.

Ngozi ina, imene ine ndimaiona kuti ili pafupi kwambiri ndi makomo athu, ndi ya mbewu zowonongeka. Mu January 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu ochokera kumaliro anamwa mowa wa pombe. Anthu 75 anamwalira, pamodzi ndi mayi amene anafulula, ndipo odwala onse anapitirira 200. Mphekesera inafala yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Patapita miyezi, kuyeza kunasonyeza kuti munali bongkrekic acid, poizoni wopangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene anamera mu ufa wa chimanga womwe unanyowa n'kuwonongeka. Poizoni ameneyu alibe fungo, samveka pa lilime, ndipo kuwiritsa sikumupha.

Chizolowezi chakuti chimanga chowola "tipangire mowa" n'chofala, makamaka chaka cha mvula yambiri. Chimanga cha chuku chimakhala ndi aflatoxin, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo nayenso sapsa pamoto. Ofufuza a kuno ku Malawi anamupezapo m'chimera ndi m'mowa wamasese. Mbewu kapena chipatso chimene simungadye, musachifulule. Chimera chiume msanga ndipo chiumitsitse. Vinyo amene wamera nkhungu yaubweya, yobiriwira kapena yakuda, atayidwe.

Zizindikiro za methanol zimachedwa, nthawi zambiri maola 12 mpaka 24, ndipo zimayamba ngati matsire wamba: mutu, kusanza, kupweteka m'mimba. Zikaphatikizana ndi kuona mwachimbuuzi kapena kupuma mothamanga, kapena ngati anthu angapo amene anamwera limodzi adwala nthawi imodzi, thamangirani kuchipatala osadikira kuti kuche, ndipo mutenge chakumwa chotsalacho kuti akachiyeze. Mankhwala ake alipo, ndipo amathandiza kwambiri munthu akafika msanga. Vinyo wapakhomo, ngakhale wopangidwa mwaukhondo chotani, ndi mowa basi: 12 peresenti ndi yoposa kawiri mphamvu ya mowa wa m'botolo, ndipo si wa ana, amayi oyembekezera kapena woyendetsa galimoto.

Nanga malamulo?

Amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain kufulula mowa wakumwa pakhomo popanda chiphaso kunaloledwa mu 1963, koma kutcheza kumafunabe chiphaso, ngakhale wotchezayo asagulitse. Ku South Africa chiphaso chimafunika munthu akafuna kugulitsa. Ku Malawi malonda a mowa amayendera lamulo la Liquor Act, lomwe limafuna chiphaso ndipo limaletsa kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18. Amene akuganiza zoika vinyo wake m'mabotolo n'kupita naye kumsika ayambire ku khonsolo ya dera lake, kenako ku Malawi Bureau of Standards, amene amayeza chakumwacho ndi kuyendera malo opangira asanapereke chizindikiro chawo.